Chimasomaso: Khalidwe Kodi Kapena Nthenda?

Pa chipatala cha Namitambo, m'boma la Chiradzulu, anthu amayamba kufika dzuwa lisanatuluke. Ena amadza ndi ana odwala malungo, ena amadzatenga ma ARV, ndipo amayi oyembekezera amadza ku sikelo. Madandaulo onsewa ali ndi maina, kotero munthu sachita manyazi kuwatchula pa benchi podikira kuitanidwa. Koma liripo dandaulo lina limene kawirikawiri limabwerera kunyumba losanenedwa. Mwini wake amalowa m'chipinda cha dokotala, nafotokoza za mutu kapena za kusowa tulo, nalandira mankhwala, natuluka ndi katundu wake yense. Katundu ameneyu ndi chilakolako cha kugonana chimene chamukulira mphamvu, chimene wayesa kuchigonjetsa kambirimbiri koma walephera.

Kumudzi munthu wotere ali ndi maina ambiri. Amati ngwachimasomaso, ngwachisembwere, ngwopanda mwambo. Ena amamuseka namuyamikira nthawi imodzi, amvekere mwamuna ndi tonde azinunkha, kapena mwamuna ndi kabudula amathera moyenda. Akakhala mkazi palibe womuyamikira: amalandira dzina loipa limene limatsata ndi ana ake omwe. Abale akathedwa nzeru amaganiza kuti walodzedwa kapena kuti wina anamudyetsa mankhwala, ndipo mbuzi imagulitsidwa kuti ndalama ipite kwa sing'anga. Nanga a zachipatala amati chiyani? Yankho lawo ndi lakuti nthenda yotere iripo ndithu, koma anthu ambiri amene amatchedwa achimasomaso alibe nthendayo, ndipo ena amene ali nayo palibe amene akuwaganizira. Nkofunika kudziwa pamene malire adutsa.

Mkangano wa madokotala

Nkhaniyi inatenga zaka zoposa 100 madokotala asanagwirizane. Mu 1886 dokotala wa matenda a maganizo, Richard von Krafft-Ebing, analemba za odwala amene chilakolako chinawalanda ufulu mpaka kuiwala china chirichonse. Vutoli linkatchedwa ndi maina awiri ochokera ku Chigiriki, satyriasis kwa amuna ndi nymphomania kwa akazi. Maina amenewa analowa m'buku la ICD-10, limene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linavomereza mu 1990. Buku la ICD ndilo kaundula wa matenda onse odziwika, ndipo maiko amalitsatira polemba ndi powerengera matenda. Koma pamenepo nthendayi inkangotchedwa chilakolako chopyola muyeso, osanena kuti muyesowo ndi uti ndipo anauika ndani. Dzina la akazi lija linagwiritsidwa ntchito moipa kwa nthawi yaitali, ponyoza mkazi aliyense amene anthu sanakondwe ndi makhalidwe ake.

Mu 1983 katswiri wina wa ku America, Patrick Carnes, anatulutsa buku limene limadziwika ndi dzina lakuti Out of the Shadows, limene linafalitsa ganizo lakuti munthu angathe kukodwa ndi kugonana monga momwe chidakwa chimakodwera ndi mowa. Mawu a Chingerezi akuti sexual addiction anatchuka kuyambira pamenepo, ndipo magulu othandizana anachuluka potengera chitsanzo cha magulu a zidakwa zofuna kuleka mowa. Komabe madokotala ambiri sanakhutire. Mu 2010 dokotala Martin Kafka anapempha kuti vutoli lilembedwe m'buku la matenda a maganizo la ku America lotchedwa DSM-5, koma pamene bukulo linkatuluka mu 2013 pempholo linali litakanidwa. Okanawo ankati umboni ngwochepa, ndiponso ankaopa kuti anthu abwinobwino adzayamba kutchedwa odwala, pamene ochimwira anzawo adzabisala kumbuyo kwa dzina la nthenda.

World Health Organization inatenga njira ina. M'buku latsopano la ICD-11, limene linavomerezedwa mu May 2019 ndi kuyamba kugwira ntchito pa 1 January 2022, muli nthenda ya nambala 6C72, yotchedwa compulsive sexual behaviour disorder, ndiye kuti nthenda ya kulephera kudziletsa pa za kugonana. Maina akale a Chigiriki aja anachotsedwa, ndipo dzina nlimodzi kwa amuna ndi akazi omwe.

Chibaba cha kachasu ndi chosiyana

Chodabwitsa nchakuti nthendayi sinaikidwe m'gulu limodzi ndi uchidakwa, fodya ndi chamba, ngakhale juga ndi masewera a pa kompyuta zinaikidwa m'chigawo chimenecho. Inaikidwa m'gulu la matenda a kulephera kudziletsa, pamodzi ndi nthenda ya kuba zinthu zimene munthu sakuzifuna nkomwe, nthenda ya kuyatsa moto, ndi nthenda ya kupsa mtima kophulika mwadzidzidzi.

Chifukwa chake nchomveka kwa aliyense amene anakhalapo ndi chidakwa m'nyumba. Kachasu ndi chinthu chochokera kunja chimene chimalowa m'magazi ndi kusintha thupi. Munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka akaleka mwadzidzidzi amanjenjemera manja, amatuluka thukuta, nthawi zina amakomoka kapena kuona zinthu zimene palibe, ndipo angathe kufa ngati sathandizidwa. Chilakolako cha kugonana sichichokera kunja. Nchachibadwa monga njala ndi tulo, ndipo munthu akadziletsa safa nazo. Akatswiri anaona kuti palibe umboni wokwanira wosonyeza kuti zochitika mu ubongo wa anthu awiriwa nzofanana. Ena mwa iwo akutsutsabe, akuti kufanana kulipo, ndipo mkanganowo sunathe. Kwa wodwala wa ku Namitambo mkangano umenewu sum'khudza kwenikweni. Chimene chikum'khudza nchakuti vuto lake tsopano liri ndi dzina m'kaundula wa matenda, ndipo ali ndi ufulu wolifotokoza kuchipatala monga wa chifuwa amafotokozera chifuwa chake.

Zizindikiro

Dokotala sawerenga kuti munthu amagonana kangati pa sabata, pakuti palibe nambala imene inaikidwa kuti ndiyo ya munthu wabwino. Anthu amasiyana pa chilakolako monga amasiyanira pa kudya: wina mitanda iwiri yamukwanira, wina isanu. Chimene dokotala amafufuza ndi ulamuliro. Kodi za kugonana zasanduka phata la moyo wa munthuyu mpaka waiwala munda, ntchito, ana ndi thanzi lake? Kodi wayesa kuleka kapena kuchepetsa kambirimbiri nalephera? Kodi akupitiriza ngakhale waona zowawa zake, monga matenda, ngongole, milandu ndi kutha kwa banja? Kodi akupitiriza ngakhale sakupezamonso chisangalalo? Khalidweli liyenera kuti lakhala nthawi yaitali, monga miyezi 6 kapena kuposerapo, ndiponso kuti likumuvutitsa kwambiri mumtima kapena likuwononga banja lake, ntchito yake ndi kakhalidwe kake pakati pa anthu.

Pali mfundo imodzi imene ICD-11 inanena mosabisa. Ngati kuvutika konse kwa munthu kukuchokera pa manyazi okha, poti chikumbumtima chake, mpingo wake kapena anthu a m'mudzi amadana ndi zimene akuganiza kapena kuchita, chimenecho pachokha sichikwanira kuti atchedwe wodwala.

Zitsanzo zitatu zongoyerekeza zingathandize.

Woyamba ndi mnyamata wa zaka 19, wa kwaya, wosakwatira. Maganizo a za akazi amamufikira kawirikawiri, ndipo nthawi zina amadziseweretsa yekha. Akatero amadziona wodetsedwa, sagona, ndipo anzake anamuuza kuti adzapenga kapena sadzabereka. Koma kusukulu akukhoza, kumunda akulima, ndipo palibe amene wamulakwira. Mnyamata ameneyu sakudwala. Thupi lake likuchita zimene matupi a anyamata amachita, ndipo zakuti adzapenga kapena adzakhala wosabereka nzabodza. Chimene akusowa ndi munthu wamkulu womukhazika mtima pansi. Ngati mantha ake akula mpaka kum'sowetsa mtendere, chofunika kuthandizidwa ndi manthawo.

Wachiwiri ndi bambo wa pabanja amene ali ndi chibwenzi kumsika. Amasankha yekha tsiku lopitako, amadziwa kubisa, ndipo nyengo ya kupalira ikafika amaleka mwezi wathunthu osavutika. Akagwidwa amati, "Sindingathe kudziletsa, ndi mmene ndinabadwira." Ameneyunso sakudwala. Akunyenga mkazi wake mwadala, ndipo nkhani yake nja ankhoswe, ngakhale kuti kuyezetsa magazi kukum'funika iye ndi mkazi wake yemwe.

Wachitatu ndi bambo wa geni amene amapita ku Limbe kukagulitsa nandolo. Poyamba zinali za apo ndi apo. Tsopano ndalama ikangolowa m'thumba, miyendo imam'tengera kumalo kumene analumbira kuti sadzapondako. Pobwerera m'basi amadzida, nalonjeza mumtima kuti aka nkomaliza, ndipo lonjezo limeneli walipanga kosawerengeka. Ndalama ya feteleza inapita, ya fizi ya mwana wa ku sekondale inapita, njinga anaigulitsa nanena kuti yabedwa. Walandira mankhwala a chinzonono kawiri chaka chimodzi. Usiku amatuluka panja ndi foni kukaonera makanema olaula mpaka tambala woyamba, ndipo mayunitsi amam'dyera ndalama ya ndiwo. M'mawa khasu limam'kanika. Chomvetsa chisoni koposa nchakuti zonsezi sizim'komeranso: amazichita monga munthu wokanda mphere, amene akudziwa kuti akudzitupula khungu koma dzanja silikuleka. Pamudzi ena amam'tama kuti ndi mwamuna weniweni, osadziwa kuti kawiri konse waganizapo zodzimangirira. Bambo ameneyu ndiye amene nthenda ya 6C72 ikunena.

Anthu ofuna chithandizo pa vutoli ambiri amakhala amuna, koma akazinso limawagwira, ndipo iwo amabisa kwambiri chifukwa chilango cha pamudzi chimawagwera molemera. Kawirikawiri nthendayi siyenda yokha. Imatsagana ndi matenda a nkhawa, kukhumudwa kwa nthawi yaitali, kapena mowa. Ena mwa odwalawa anachitidwa nkhanza za kugonana ali ana. Kwa ambiri kugonana kumasanduka pothawira: munthu akakwiya, akasungulumwa kapena akapanikizika ndi ngongole amathamangira kumeneko, mtima umapepuka kwa kanthawi, kenaka manyazi amabwera, ndipo manyaziwo amam'bwezeranso komwe kuja.

Pamene gwero liri kwina

Nthawi zina chilakolako chosalamulirika ndi chizindikiro chabe cha nthenda ina, ndipo apa mpamene abale ayenera kuchenjera. Munthu amene anali wodekha akasintha m'masiku ochepa, nayamba kulankhula kosalekeza, kusagona koma osatopa, kumwaza ndalama, kudzitama kuti ndi wolemera kapena mneneri, ndi kufunsira aliyense, mwina wagwidwa ndi nthenda ya maganizo yotchedwa bipolar, imene iri ndi mankhwala ake. Nkhalamba imene yakhala yaulemu moyo wake wonse ikayamba kulaula, kuvula pagulu kapena kugwiragwira anthu, mwina ubongo wake wayamba kufooka ndi nthenda ya kuiwala ya ukalamba. Agogo otere si mfiti ndipo sayenera kumenyedwa. Ayenera kutetezedwa, ndipo ana ayenera kutetezedwanso kwa iwo. Kuvulala m'mutu pa ngozi ya njinga yamoto kapena galimoto kungasinthe khalidwe la munthu motero. Chindoko chosachizidwa chingafike ku ubongo patapita zaka zambiri. Mankhwala ena a nthenda yonjenjemera ya Parkinson amadzutsa chilakolako ndi mtima wa juga mwa odwala ena. Mowa ndi mankhwala ozunguza bongo nazo zimachotsa manyazi ndi kudziletsa. Pa zonsezi dokotala amachiza gwerolo, ndipo salemba kuti munthuyo ali ndi nthenda ya 6C72.

Chifukwa chake nkhaniyi njofunika ku Chiradzulu

Anthu a boma lino akudziwa bwino mtengo wa nkhani za kugonana. Edzi inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo Chiradzulu linali limodzi mwa maboma amene anaika maliro ambiri. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières, mogwirizana ndi Unduna wa za Umoyo, linayamba kupereka ma ARV m'boma lino, zaka zitatu mankhwalawa asanayambe kuperekedwa kwaulere m'dziko lonse mu 2004. Kuyambira 2013 makina oyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi anayamba kugwira ntchito m'bomali, ndipo Namitambo chinali chimodzi mwa zipatala zazing'ono zimene zinawalandira. Ambiri amene akanafa ali moyo, akulima ndi kulera zidzukulu.

Uphungu umene unapulumutsa anthu ambiri unali wakuti munthu adziletse, akhale wokhulupirika, agwiritse ntchito kondomu. Koma uphungu umenewu umayembekezera kuti womverayo ali ndi mphamvu yosankha. Bambo wa nandolo uja waumva kambirimbiri, amauvomereza ndi mtima wonse, ndipo amauswa sabata yomweyo. Kumubwerezera mawu omwewo mokweza sikuthandiza. Akakhala kuti ali ndi kachilombo, maulendo ake obisika amam'dumphitsa masiku omwa mankhwala, kachilombo kamachulukanso m'magazi, ndipo amene anali wosapatsira ena amayambanso kupatsira. Mkazi wake, amene sanayendepo, ndiye amalandira zotsatira: kachilombo ka HIV, chindoko chimene chingaphe mwana m'mimba, ndi kachilombo ka HPV koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'dziko muno.

Nthenda sichotsa mlandu

Munthu asaganize kuti dzina la nthenda ndi chikalata chom'masula. Wodwala nthendayi amadziwa chabwino ndi choipa, ndipo udindo wofuna chithandizo ngwake. Kugwiririra ndi mlandu. Kugona ndi mwana ndi mlandu waukulu, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limateteza mkazi kapena mwamuna amene akuzunzidwa m'nyumba. Mlandu wogwiririra kapena wogona mwana si wokambirana pansi pa mtengo ndi kulipirana nkhuku. Ngwa polisi, ndipo wochitiridwayo afike kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Tsono odwala nthendayi ambiri sagwiririra munthu, ndipo ogwiririra ambiri alibe nthendayi.

Chithandizo

Chovuta kwambiri ndi chiganizo choyamba. Munthu safunika kudziwa mawu a Chingerezi kapena nambala ya nthenda. Angathe kungonena kuti, "Adokotala, ndiri ndi nkhani ina yovuta kuitchula. Pa za akazi ndikulephera kudzigwira, ndipo banja langa likutha." Wachipatala wophunzitsidwa bwino saseka ndipo salalikira. Amayankha monga, "Mwachita bwino kunena, bambo. Zinayamba liti?" Ogwira ntchito m'chipatala ali ndi lamulo losunga chinsinsi cha wodwala, ndipo amene akuona kuti m'chipindamo muli makutu ambiri ali ndi ufulu wopempha kulankhula pa awiri.

Dokotala adzafunsa za tulo, za mowa, za mankhwala ena amene munthuyo akumwa, ndiponso ngati anaganizapo zodzipha. Funso lomalizali lisadabwitse munthu, ndipo liyankhidwe moona, chifukwa manyazi ndi ngongole zapha amuna ambiri mwakachetechete. Adzayeza magazi ndi kuchiza matenda opatsirana ngati alipo. Amene alibe HIV koma ali pa chiopsezo angafunse za PrEP, mankhwala oteteza munthu asanatenge kachilombo, ndipo makondomu amaperekedwa kwaulere. Zimenezi sizidikira kuti munthu ayambe wachira. Vuto likakhala lalikulu, wodwala amatumizidwa ku chipatala cha boma cha Chiradzulu kukaonana ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo. Chithandizo cha akatswiri chimapezekanso ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ku Zomba Mental Hospital, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Dzina la Zomba lisaopse munthu: odwala nthendayi ambiri sagonekedwa, amathandizidwa akuchokera kunyumba.

Mankhwala enieni a nthendayi ndi uphungu wobwerezabwereza. Cholinga chake si kupha chilakolako, koma kubwezera munthu chiwongolero. Phungu ndi wodwala amafufuza pamodzi zimene zimatsogolera kugwa: kodi ndi ndalama m'thumba, botolo loyamba la mowa, mkangano wa kunyumba, kapena foni pa mphasa usiku? Akazipeza amatchera njira zozitchinga. Bambo wa nandolo angayende ndi mlamu wake pa ulendo wa ku Limbe, angatumize ndalama kwa mkazi wake pa foni asanachoke pamsika, angabwerere tsiku lomwelo m'malo mogona kutauni, angasiye foni m'manja mwa wina dzuwa likalowa. Amaphunziranso kuti chilakolako chimakwera ndi kutsika chokha ngati munthu apirira kanthawi, nachoka pamalopo, napeza wolankhula naye. Kugwanso kamodzi sikutanthauza kuti zonse zalephereka; wodwala abwerere kwa phungu ndi kufotokoza mmene zinachitikira. Palibe mbulu wa mankhwala umene unapangidwira nthendayi yokha, koma madokotala nthawi zina amapereka mankhwala a matenda a kukhumudwa, monga fluoxetine, amene amathandiza ena. Munthu asagule yekha mankhwala otere, ndipo asiye gondolosi ndi zina zonse zogulitsidwa pamsika kuti nzowonjezera mphamvu, pakuti sathira palafini pa nyumba imene ikupsa.

Abusa, mashehe ndi ankhoswe ali ndi gawo lawo. Pemphero ndi malangizo a akulu zimalimbitsa munthu amene akulandira chithandizo, malinga asam'chititse manyazi pagulu, chifukwa manyazi ndiwo nkhuni za nthendayi. Ankhoswe apewenso chizolowezi chofulumira kufunsa mkazi kuti, "Kodi inu mayi, kunyumbaku mukuwasamala bwino bambowa?" Nthenda ya mwamuna siyamba chifukwa cha kuperewera kwa mkazi, ndipo mkazi sangaichize ndi mikanda kapena ndi kugonjera.

Mayi amene mwamuna wake ali ndi vutoli ayezetse magazi iye mwini, osadalira zotsatira za mwamunayo. Ayezetsenso khomo la chiberekero, ndipo ngati ali woyembekezera aonetsetse kuti wayezedwa chindoko ku sikelo. Ali ndi ufulu wokana kugonana popanda kondomu, wofunsa za PrEP, ndi wosunga payekha ndalama ya chakudya ndi ya sukulu ya ana. Ngati afuna kuperekeza mwamuna wake kwa phungu, nkwabwino, ndipo nayenso angapemphe nthawi yake yolankhula payekha. Ngati mwamunayo akukana chithandizo, kapena wayamba kumenya ndi kukakamiza, mayiyo akanene kwa ankhoswe ake ndi ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa, ndipo ngati m'nyumbamo muli ana aakazi kapena aamuna amene akuwaopera, awachotse tsiku lomwelo.